Sitima zoseweretsa, makatuni ndi ana a ku Likangala

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amathera ndalama zawo ndi zaka zawo posonkhanitsa tisitima toseweretsa, ena mwa iwo akumasankha tokhatokha tokhala ndi nkhope za makatuni. Kwa mlimi wa mpunga pa sikimu ya Likangala, kapena msodzi wa matemba ku Kachulu, imeneyi ingamveke ngati nkhani ya anthu okhuta. Komabe mukaitsata bwino imakafika pakhonde la nyumba za kuno, pamene mwana wakhala duu ndi waya m'manja.

Kodi tisitima timeneti n'totani kwenikweni?

Tilipo ta mitundu iwiri. Pali chidole wamba cha mwana, cha thabwa kapena cha pulasitiki, chokankha ndi dzanja kapena choyendera mabatire. Ndiye pali kasitima kopangidwa motengera sitima yeniyeni, komwe chilichonse, magudumu, mazenera, makwerero, chachepetsedwa pa muyeso umodzi. Muyeso wofala kwambiri umatchedwa HO, ndipo pa muyeso umenewu chinthu chimachepa ka 87. Injini yotalika mamita 20 imatsala masentimita 23, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pamakhala mamilimita 16.5. Palinso muyeso wa N, wochepa ka 160, umene njanji yake ndi ya mamilimita 9 okha, komanso wa O, wokulirapo. Zambiri mwa sitimazi zimayendera magetsi odutsa m'njanji momwemo. Magetsiwo amalowa kudzera m'magudumu n'kukazunguza kamota kali mkati, ndipo mwiniwake amangopotokola kabatani kuti liwiro likwere kapena litsike.

Chimene chinabala kusonkhanitsa ndi nzeru ya kampani ya ku Germany yotchedwa Märklin. Mu 1891, pa chionetsero cha malonda ku Leipzig, inaonetsa njanji zoduladula zolumikizana, za miyeso yokhazikika. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kugula injini chaka chino, mabogi chaka chamawa, siteshoni chaka chinacho, zonse n'kumagwirizana. Chidole chinasiya kukhala chinthu chogula kamodzi. Ku England, Frank Hornby wa ku Liverpool anayamba kugulitsa sitima zopukusa ndi kiyi mu 1920, ndipo ku America kunali Lionel, kampani yoyambika mu 1900 ku New York.

Munthu wamkulu, ndevu pepeya, n'kumasewera ndi zidole?

Ambiri mwa osonkhanitsawo ndi akuluakulu ndithu. Ena akufunafuna chidole chimene anali nacho ali ana, kapena chimene ankachisirira m'sitolo makolo awo alibe ndalama. Ena amakonda makina. Ena chimawakoka n'kumanga dziko lonse patebulo: mapiri, milatho, midzi, mitengo, anthu akudikira pa siteshoni. Ku Hamburg kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, otsegulidwa mu 2001, kumene njanji zazing'onozi mukaziphatikiza zimapitirira makilomita 16, ndipo alendo amalipira kuti akaone. Walt Disney, mwini wake wa Mickey Mouse, anamanga njanji kuseri kwa nyumba yake ku Los Angeles mu 1950, ndi kasitima koti munthu n'kukwerapo.

Ife tisadabwe nazo kwambiri. Taonani bambo woweta nkhunda: amadziwa iliyonse mtundu wake, kumene anaitenga, imene inabereka inzake, ndipo akhoza kuyenda mtunda wautali pa njinga kukasinthanitsa ndi mnzake kuti apeze ya mawanga imene alibe. Mtima wake ndi womwewo. Kusonkhanitsa ndiko kudziwa zinthu zako chimodzichimodzi, n'kumazisunga mosamala.

Nanga makatuni anakwera bwanji sitima?

Anakwera chifukwa cha mavuto a zachuma. Mu 1934 malonda anali atalowa pansi ku America konse, ndipo kampani ya Lionel inali m'manja mwa khoti chifukwa cha ngongole. Makolo sakanakwanitsa sitima za magetsi zokwera mtengo. Pamenepo Lionel inagwirizana ndi Disney n'kupanga kangolo ka panjanji kopukusa ndi kiyi, Mickey mbali ino, Minnie mbali inayo, akupopa chogwirira kuti kangoloko kayende. Mtengo wake unali dola imodzi. Tinagulidwa toposa 250,000 m'miyezi yochepa, ndipo chaka chotsatira kampaniyo inatuluka m'manja mwa khoti. Kuchokera nthawi imeneyo opanga zidole anazindikira kuti mwana akakonda nkhope ina yake pa kanema, adzalirira chilichonse chokhala ndi nkhopeyo.

Ana ena a m'tauni amatchula za Thomas. Ameneyu ndani?

Thomas ndi injini yabuluu, yolembedwa nambala 1, yokhala ndi nkhope yotuwa kutsogolo, ndipo ndiye mfumu ya zidole zonse za mtundu umenewu. Anachokera m'nthano za m'busa wina wa mpingo wa Anglican ku England, Wilbert Awdry. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mwana wake Christopher anadwala chikuku, ndipo bambowo ankamusimbira nthano za mainjini olankhula kuti asatope ndi kugona. Buku loyamba linatuluka mu 1945, la Thomas mu 1946. Pa wailesi yakanema nthanozi zinayamba kuoneka mu 1984, ndipo kwa zaka zambiri ankazijambula pogwiritsa ntchito tisitima teniteni toyenda panjanji zazing'ono, mpaka mu 2009 pamene anayamba kuzipanga zonse pa kompyuta.

Pali mfundo imodzi imene ndimafuna kholo lililonse la kuno liidziwe. Thomas woyamba sanatuluke m'fakitale. Awdry anamusema yekha kuchokera ku chidutswa cha mpini wa tsache, n'kumupaka utoto, n'kupatsa mwana wake. Chidole chimene lero chili m'masitolo a dziko lonse chinayamba ngati chopangapanga cha pakhomo.

Zimene zinatsatira ndi malonda okhaokha, ndipo tinene mosabisa. Thomas ali ndi anzake ambirimbiri, a Gordon, a Percy, a James, a Henry, ndipo nkhope yatsopano iliyonse ndi chidole chatsopano choti kholo ligule. Kampani ya Mattel inalipira madola 680 miliyoni pogula kampani imene inali ndi umwini wa Thomas, ndipo kugulako kunatha mu 2012. Mu 2018 anawonjezera Nia, injini ya ku Kenya, yotengera mtundu wa mainjini a nthunzi amene ankayenda pa njanji za kum'mawa kwa Africa. N'zokondweretsa kuti mwana wa ku Africa aone injini ya kwawo pa kanema, koma amene anaganiza zimenezi ankafunanso misika yatsopano.

Chimakweza mtengo wa kasitima kakale n'chiyani?

Kusowa kwake, kusawonongeka kwake, ndi katoni yake. Kasitima kamene kanapangidwa kwa chaka chimodzi chokha, kapena kamene kanatuluka ndi utoto wolakwika n'kusiyidwa msanga, kamafunidwa kwambiri. Kokandika kapena kopakidwanso utoto kamatsika mtengo. Ndipo katoni imene kanabweramo, ngati ili bwinobwino, imakweza mtengo kwambiri, chifukwa ana ankataya makatoni tsiku lomwelo. Kangolo ka Mickey ka dola imodzi kaja lero kamagulitsidwa madola mazana angapo kakakhala kosamalika. Apa ndi pamene ine ndimasiyana nawo pang'ono osonkhanitsa: chidole chamtengo wapatali kwa iwo ndi chimene mwana sanachigwirepo.

Kodi ku Likangala aliko osonkhanitsa zimenezi?

Chizolowezi chimenechi si cha kuno, ndipo zifukwa zake n'zoonekeratu. Sitima za magetsi zimafuna magetsi osadukaduka ndi chipinda chouma choti tebulo likhalemo chaka chonse. Bokosi limodzi la sitima ndi njanji zake, mukawerengera kuitanitsa kunja ndi msonkho, limadya ndalama ya matumba angapo a mpunga, ndipo palibe kholo la pa sikimu lingachite zimenezo fetereza ndi yunifolomu zikudikira. Makatuni nawo anafika mochedwa. Dziko la Malawi linakhala ndi wailesi yakanema yakeyake mu 1999, ndipo kumidzi ana ambiri aonera makatuni m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa misika ngati wa Jali, kapena pa foni ya achimwene awo.

Zimene zimafika kuno ndi zotsalira. Pa kaunjika, pakati pa zidole za nsalu ndi timagalimoto tothyoka, nthawi zina mumapezeka ka Thomas kopanda njanji, kopanda mabogi, utoto utayamba kusupuka. Kanali ka mwana wina kutsidya kwa nyanja. Wogulitsa sadziwa dzina lake, wogula naye salidziwa, koma mwana amakakonda chifukwa kali ndi maso.

Chifukwa chachikulu, komabe, n'chakuti mwana wa ku Likangala sakula akumva sitima ikulira.

Zinatheka bwanji kuti Zomba, likulu la dziko mpaka 1975, isakhale ndi njanji?

Njanji za m'dziko muno sanazimangire maofesi a boma. Anazimangira katundu: fodya, tiyi ndi thonje zopita kunyanja yamchere. Njanji yoyamba inachokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza mpaka ku Blantyre, ndipo inatha mu 1908, chifukwa mtsinje wa Shire unkaphwa moti sitima za pamadzi zinkalephera kukwera. Kenaka inatsikira ku Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unalumikiza dziko lino ndi doko la Beira popanda kuolotsa katundu pa madzi. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima, koma inatsika m'chigwa cha Shire kudzera ku Balaka, phiri la Zomba n'kulisiya kum'mawa. Ku Lilongwe inafika mu 1979.

Imene inayandikira nyanja ya Chilwa ndi ya mu 1970, yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, pa malire ndi Mozambique, kulowera ku doko la Nacala. Imadutsa kumpoto kwa nyanja, pa mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta. Masiku ano m'njanji imeneyi mumadutsa sitima za malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, za mabogi oposa 100, pa ulendo wa makilomita oposa 900. Motero ana a kumpoto kwa nyanja yomweyi amaona sitima zitalizitali pafupipafupi, pamene anzawo a kumadzulo, kwa Mwambo, ena amafika Sitandade 8 asanaione ndi maso.

Ndiye ana a kuno amapanga chiyani?

Amapanga zimene amaona. Lole yodzatenga mpunga pa sikimu, minibasi, njinga ya kabaza ndi mpando wake wa kumbuyo, njinga yamoto, bwato la ku Chisi, ng'ombe ya dongo ya linunda lake. Ndipo amazipanga mwaluso limene ife akuluakulu timalidutsa osaliyang'ana.

Tengani galimoto ya mawaya. Mwana amayamba wasaka zipangizo kwa masiku angapo: waya wokhuthala wa chimango, waya wofewa womangira, masipoko otayidwa kwa okonza njinga, malegeni odulidwa ku chubu chakutha. Waya wopindika amauwongola poumenya ndi mwala pamwala. Amapinda mbali ziwiri za galimoto kuti zifanane, chifukwa ikasiyana imodzi galimoto imapendekeka. Magudumu amatha kukhala a zitini, a zitsekerero za mabotolo, kapena odula mozungulira ku patapata wakutha. Chovuta kwambiri ndi kutsogolo. Magudumu akutsogolo ayenera kukhota onse awiri pamodzi, ndipo ayenera kumvera chiwongolero chachitali chimene mwana wagwira ataimirira. Mwana wa zaka khumi amene wathetsa vuto limeneli, popanda buku, popanda pulayazi, wamvetsa mfundo imene makaniko amaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja. Ena amaikamo zofewetsa mabampu, ena tochi yakale kuti ikhale nyali, ena amakuta thupi lonse ndi mapepala a pulasitiki a mitundumitundu n'kulemba dzina kumbuyo monga amachitira eni malole.

Ang'onoang'ono amayambira pa zofewa: makatoni a chibuku obooledwa ndi timitengo, mapesi a chimanga olumikizidwa ndi minga, bango, dongo la pachulu. Ndipo luso limayenda kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Wamng'ono amatumidwa kukasaka waya, amagwirizira pamene achimwene ake akumanga, amapatsidwa galimoto yakale achimwenewo akapanga yatsopano, kenaka tsiku lina amaphwasula yakaleyo n'kumanga yake. Pamakhala kupikisana, kusinthanitsa, ngakhale kugulitsana. Aliyense m'mudzi amadziwa mnyamata amene magalimoto ake saphwasuka.

Atsikana nthawi zambiri amakankhidwira ku masanje ndi ana a dongo, mawaya n'kumatengedwa ngati a anyamata. Palibe chifukwa chomveka cha zimenezi. Dzanja lotha kuluka nkhata kapena mphasa lingathenso kupinda waya.

Kunja luso limeneli amalidziwa. Mu 1990 mayi wina wa ku America amene anakhalapo m'dziko muno, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za kamnyamata ka ku Malawi kosakasaka mawaya, ndipo ana a m'sukulu za ku America akhala akuliwerenga kwa zaka zoposa 30. Magalimoto a mawaya a kum'mwera kwa Africa kuno amasungidwa m'nyumba zosungiramo zakale za ku Ulaya ndi ku America, ndipo alendo amawagula m'misika ya ziboliboli.

Koma kupanga ndi kusonkhanitsa n'zosiyana. Zikukumana pati?

Zikukumana pa chinthu chimene ife tilibe. Wosonkhanitsa wa ku England angakuuzeni chaka chimene kasitima kake kanapangidwa, fakitale yake, ndi kusiyana kwake ndi ka chaka chotsatira. Pali mabuku, pali magulu, pali zionetsero. N'chifukwa chake mbiri ya zidole zawo ndi yodziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Ife timapanga zidole zanzeru kuposa zambiri za m'fakitale, chifukwa chilichonse n'chosiyana ndi chinzake, koma palibe chimene timasunga. Galimoto ya mawaya imakhala nyengo imodzi. Mvula ikayamba mwana amapita kumunda kapena kukaingitsa mbalame mumpunga, galimoto imachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, amayi amasololako waya womangira chitseko cha khola, basi yatha.

Zimandipweteka chifukwa zidolezi ndi mbiri ya dera. Mwana amajambula ndi waya zimene zikuyenda mumsewu wa kwawo chaka chimenecho. Pakanakhala wina wosunga chidole chimodzi chaka chilichonse kuyambira pamene sikimu ya Likangala inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, bwenzi lero tikuona pashelefu imodzi mmene maulendo a kuno asinthira: mabasi a UTM, malole a ADMARC, matola, minibasi, kabaza wa njinga yakapalasa, kenaka njinga zamoto zimene zadzaza m'misewu ya fumbi zaka zaposachedwazi. Agogo akanatha kuloza n'kuuza mdzukulu kuti iyi anapanga ndi atate ako.

Ndikudziwa kuti kusunga zinthu kudera lino si kwapafupi. Kuli chinyezi, kuli chiswe, nyumba n'zothina, ndipo madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, banja limapulumutsa ana, mbuzi ndi chakudya, osati zidole. N'chifukwa chake ntchito imeneyi ikuyenera malo a gulu, monga sukulu, kuposa nyumba ya munthu mmodzi.

Sukulu ingachitepo chiyani, poti ngakhale mabuku ndi osakwanira?

Sipafunika ndalama. Aphunzitsi a m'dziko muno amadziwa kale za TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, imene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, m'boma lomwe lino la Zomba, lakhala likulimbikitsa. M'sukulu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba amapanga okha zoseweretsa za ana. Chotsala n'chaching'ono: shelefu imodzi mu ofesi ya ahedi kapena m'chipinda chotsekeka, ndi kope limodzi. Pakutha pa chaka ophunzira asankhe zidole zitatu kapena zinayi zopangidwa bwino, mwini chidole avomere, ndipo m'kopemo mulembedwe dzina lake, kalasi, chaka, zipangizo zimene anagwiritsa ntchito ndi chimene chidolecho chikuyerekeza. Waya azipakidwa timafuta ta njinga kuti asachite dzimbiri, za dongo ziziwotchedwa monga amawotchera miphika. Amene ali ndi foni ajambule chilichonse, chifukwa chithunzi chingapulumuke pamene chidole chawonongeka.

Popanda kope lija, shelefuyo ndi mulu wa mawaya chabe.

Ndikapeza kasitima ka makatuni pa kaunjika, ndimugulire mwana?

Mugulireni ngati mtengo uli bwino, koma muyang'ane zinthu zingapo. Choyamba ndi utoto. Mu 2007 kampani ya RC2, imene inkapanga tisitima ta Thomas ta thabwa, inaitanitsa zidole pafupifupi 1.5 miliyoni kuti zibwezedwe chifukwa utoto wa zina unali ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana akamaunyambita. Si zonse zinabwezedwa, ndipo zidole zakale zimayenda maulendo ataliatali. Chidole chosupuka utoto musapatse mwana amene akadaika zinthu m'kamwa. Chachiwiri ndi maginito. Tisitima tambiri timalumikizana ndi timaginito, ndipo mwana akameza tiwiri timakokana m'matumbo n'kuwaboola. Chachitatu ndi timabatire tathyathyathya tozungulira, timene tikamezedwa timawotcha kum'mero m'maola ochepa. Zikachitika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati kadzatuluka.

Mukapeza ya magetsi, muwerenge zolembedwa pa kabokosi kake. Za ku America zimafuna mavoti 120, pamene magetsi athu ndi a 230, ndipo mukangolumikiza zimapsa. Mutsuke chidole chilichonse ndi sopo musanachipereke. Ndipo musayembekeze kulemera nacho: tambiri ta pa kaunjika tinapangidwa mamiliyoni, ndipo osonkhanitsa satifuna.

Munthu atafuna kupanga chifanizo cha sitima ya ku Malawi, angayambire pati?

Ayambire pa muyeso wa njanji. Njanji za ku Ulaya ndi ku America zambiri ndi za mamilimita 1,435 pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo mukagawa ndi 87 ndi pamene pamatuluka 16.5 uja. Zathu, monganso za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndi za mamilimita 1,067. Mukagawa ndi 87 mumapeza 12 ndi kanthu pang'ono, choncho opanga zifanizo za sitima za kuno mosamala amagwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12. Samu imeneyi mphunzitsi wa Sitandade 7 angaipereke mawa m'kalasi, ndipo ingakhale yokoma kuposa zambiri za m'buku.

Kwa wopanga ndi waya kapena thabwa, muyeso wa 1 ku 20 ndi wosavuta: mita imodzi ikhale masentimita 5. Njanji ingakhale ya nsungwi zong'alula zokhomeredwa pa timatabwa, kapena mizere iwiri youmbidwa ndi dongo pabwalo. Chinsinsi cha sitima chili pa magudumu. Gudumu lililonse lili ndi mlomo mkati umene umaligwira kuti lisachoke panjanji, ndipo sitima ilibe chiwongolero, imatsata njanji basi. Zitsekerero ziwiri zosiyana kukula, zomatidwa pamodzi, zimapereka mlomo umenewo. Chinanso ndi polumikizira mabogi: pakhale pomasuka kuti sitima ithe kukhota, koma posamasuka kwambiri mpaka kuduka. Mwana amene anathana ndi chiwongolero cha galimoto sangalephere zimenezi.

Nanga nkhope yake ikhale ya yani?

Ya Thomas ndi ya Mickey zili ndi eni ake. Mwana kujambula Thomas pa katoni ya chibuku palibe mlandu, koma mmisiri wofuna kugulitsa zidole zambiri sangagwiritse ntchito nkhopezo popanda chilolezo. Ndipo sindikuona chifukwa chozibwerekera. Tili ndi Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu, amene mwana aliyense wa kuno amawadziwa khalidwe lawo asanayambe sukulu, ndipo alibe mwini woti n'kumulipira. Injini yaing'ono yochenjera, injini yadyera yofuna kukoka mabogi onse yokha, injini yoyenda pang'onopang'ono koma yofika: nthano zake zilipo kale m'kamwa mwa agogo. Tinakhalanso ndi ojambula athu, monga Vic Kasinja wa Joza ndi Brian Hara wa Pewani, amene anaonetsa kuti Amalawi amakonda katuni yolankhula za kwawo. Mmisiri wa matabwa wa ku Jali kapena wa mumsika wa Zomba atasema injini ya makutu a Kalulu ndi mabogi atatu, n'kuipaka utoto wopanda mtovu, ndikhulupirira kuti makolo a m'tauni amene amagula zidole za pulasitiki zothyoka sabata yomweyo angaiganizire.

Kodi mwana wa ku Likangala angakaione kuti sitima yoti atengerepo?

Kufupi kwambiri ndi ku Liwonde, makilomita oposa 50 kuchokera mumzinda wa Zomba, kumene njanji imaoloka Shire ndipo sitima za malasha zimadutsa. Njanji yomweyo ndi imene sitima ya anthu yochokera ku Limbe imadzera popita ku Nayuchi. Sukulu imene ingathe kusonkherana ulendo wa ku Blantyre ikaone mainjini awiri akale kwambiri m'dziko muno, opangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku England ndipo anagwira ntchito pomanga njanji yoyamba ija. Ina, yotchedwa Thistle, ili pa siteshoni ya Limbe, ndipo inzake, Shamrock, ili ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Ndi mainjini aang'ono a nthunzi, a magudumu asanu ndi limodzi, onyamula okha madzi awo, a mtundu womwewo ndi Thomas. Ana atenge makope ndi chingwe choyezera, apemphe chilolezo kwa osamalira malowo, ayeze kutalika kwa injini ndi kukula kwa gudumu, ajambule kutsogolo ndi m'mbali. Miyeso imeneyo ndi yokwanira kupangira chifanizo akabwerera kumudzi.

Popita ku Liwonde, aphunzitsi awauziretu ana kuti aime patali ndi njanji, asaikepo miyala kapena ndalama zachitsulo, ndipo asadutse pansi pa mabogi ngakhale sitima itaima. Sitima yodzaza malasha, woyendetsa akamanga mabuleki, imayendabe mamita mazana ambiri isanaime.